Bokosi Lopanda Basela

Lolemba, 4 Novembala
Mango athu abwezedwanso. Ophwanyika, amabala okhaokha. Wogula wa masitolo akuti watipatsa mwayi womaliza, tikalephera azikagula kwa alimi a kwina. Bambo anola kale nkhwangwa. Akuti agwetsa munda wonse abzale paini, poti matabwa saola panjira. Mitengo yomwe anabzala malemu mayi. Mtima ukundiwawa.

Lachinayi, 7 Novembala
Alamu, akazi a achimwene, sakukhala pansi. Apita okha kwa ocheka matabwa kukapempha zidutswa zomwe amangotentha. Akalipentala akhoma mabokosi osaya, olimba m'makona, onunkhira utomoni. Mkazi ameneyu mutu wake umagwira. Ine ndikanangokhala n'kumadandaula, ntchito yomwe ndimaidziwa bwino.

Loweruka, 9 Novembala
Alamu apeza vuto, ndipo ndi ife eni ake. Bokosi likadzaza timaunjika ena pamwamba, basela. Mabokosi akasanjikizana m'lole, basela yemweyo ndiye amaphwanya anzake. Zaka zonsezi takhala tikunamizira msewu ndi dalaivala.
Bambo anapsa mtima. "Ndipereke bokosi losasefukira ngati ndine wakuba?"

Lachiwiri, 12 Novembala
Tsiku lopakira. Bambo akaunjika, alamu ali pambuyo kuchotsa mwakachetechete. Ndinkangodikira kuti pabuke mkangano. Kenaka anagwada n'kuwaikira bokosi lapadera. "Bambo, basela wanu ikani umu, ayende yekha ngati bwana." Bambo kuseka mpaka kutsokomola. Analidzaza okha, analikweza okha.
Ndikanakhala ine ndikanangopukusa mutu n'kuwasiya.

Lolemba, 18 Novembala
Zii. Foni osalira. Nkhwangwa ikadali pakhonde.

Lachitatu, 20 Novembala
Wogula walandira mango onse. Palibe bokosi lobwezedwa. Akufuna lole ina sabata yamawa, ndipo ocheka matabwa ayamba kutifunsa kuti tifuna mabokosi angati. Munda wapulumuka. Bambo akuuza aliyense kuti nzeru ya mabokosi anali nayo kalekale. Alamu kungomwetulira, osawatsutsa.

Lachisanu, 22 Novembala
Wogula uja wapempha alamu azikaphunzitsa alimi a madera ena. Achimwene avomera, alamu asamuka Lamlungu. Ndawanyadira, zoona, koma ndinakalirira kuseri kwa shedi. Anandipeza komweko. "Zopakira ndasiyira inu, alamu. Bambo akaunjika, muzichotsa."
Ine. Chibadwire sindinawauzepo bambo kuti ayi.
Lolemba tikuthyola.