Mizere Yofiira ya Mayi Fusae

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YOKONZA KATUNI YA "NEJITA, MWANA WACHITSULO"

Tsiku: Lachinayi, 14 Novembala 2024
Malo: Chipinda chojambulira mawu, Situdiyo ya Aobato, Nerima, Tokyo
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Amene analipo:
Bambo Kuwabara Shigeru, mwini situdiyo (Wapampando)
Mayi Horiuchi Kazue, wotsogolera kajambulidwe ka katuni
Bambo Oguri Genzo, woimira ochita mawu. Ndiwo mawu a Agogo Okonza Mawotchi
Bambo Namekawa Takumi, woimira wailesi ya kanema
Bambo Shibasaki Noboru, wokonza mawu (Mlembi)

Amene sanabwere:
Mayi Shibasaki Fusae, mawu a Nejita. Anamwalira. Wapampando analamula kuti dzina lawo lisachotsedwe pa mndandanda mpaka masiku 49 a maliro atakwana, monga mwa mwambo wa kuno.

1. MMENE UTHENGA UNAFIKIRA

1.1 Wapampando anati nkhaniyi ilembedwe poyamba, chifukwa nyuzipepala ziwiri zalemba zosiyana.

1.2 Lachiwiri pa 29 Okutobala, nthawi ili 10:10 m'mawa, ochita mawu anali ataima kale m'chipinda chino, mabuku ali m'manja, kudikira kujambula gawo lomaliza. Mayi Fusae anali asanafike. Pa zaka 33 za katuniyi anali asanachedwepo. Mlembi, amene ndi mwamuna wa malemu, anali atalawirira kudzakonza makina monga mwa masiku onse. Foni yake inalira kuseri kwa galasi, m'chipinda cha makina. Anali a kuchipatala: mayiwo anagwa pa masitepe a siteshoni ya sitima, mtima unaima, sanadzukenso. Mlembi sanazindikire kuti chala chake chili pa batani loyankhulira ndi ochita mawu, choncho onse anamva mayankho ake. Panalibe wofunikanso kuuzidwa.

1.3 Komiti inakhala chete mphindi imodzi polemekeza malemu.

2. GAWO LOMALIZA

2.1 Mayi Horiuchi anati zithunzi zonse zatha, ndipo gawoli liyenera kuonetsedwa Lamulungu pa 22 Disembala, 6 koloko madzulo. Anakumbutsa komiti nkhani yake. Nejita, loboti yooneka ngati mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri, imene Agogo Okonza Mawotchi anaitola kudzala ndi kuilera ngati mwana, yatha mphamvu m'chifuwa ndipo ikutsanzikana nawo. Nejita ali ndi mawu m'malo 14. Palibe ngakhale amodzi amene anajambulidwa.

2.2 Anati anapempha wochita mawu wina, amene amatha kutsanzira malemu mpaka kuseketsa anthu pa maphwando. Mayiyo anakana, nati sangavale mawu a munthu amene phulusa la mtembo wake likadali m'nyumba.

3. PEMPHO LA WAILESI YA KANEMA

3.1 Bambo Namekawa anapepesa maliro ataimirira. Kenaka anati mabwana awo apeza njira. Kampani ina inamvetsera magawo onse amene anaonetsedwa kale, ndipo yaphunzitsa kompyuta kuyankhula ngati Nejita. Chatsala n'chidindo cha mwamuna wa malemu basi, pakuti kuno timasainira ndi chidindo. Anaika pepala patsogolo pa Mlembi, nalitembenuza kuti malo odindapo ayang'ane kwa iye.

3.2 Anatsegula kompyuta yawo. Komiti inamva Nejita akuti, "Agogo, musandipukute nkhope, sindikulira ayi, ndi mafuta chabe."

3.3 Mlembi akuyenera kulemba zoona. Mawuwo anali a Nejita ndithu. Mlembi anagwetsa cholembera.

3.4 Bambo Oguri anapempha kuti mawu awo alembedwe monga anawayankhulira. Anati: "Bwana wamng'ono, kamwana kanu ka m'kompyutaka kamapuma mpweya?"

Bambo Namekawa anati, "Nejita sapuma, Agogo. Pepani, a Oguri."

"Nenani Agogo, mwakula mukundionera, ndikudziwa. Nejita sapuma, inde. Koma Fusae ankapuma. M'chipinda muno timakhala anthu asanu ndi mmodzi, mamaiki atatu. Palibe woimba belu kuti iwe lowa, iwe tuluka. Ine ndimaima kumbuyo kwake, ndimamva wakoka mpweya, ndimadziwa kuti akulira kapena akufuna kundinyoza, ndiye ndimakonzeka. Zaka 33! Tsono mukufuna ndiziyankha ketulo yamagetsi?"

3.5 Wapampando anapempha kuti mawu oti ketulo achotsedwe. Bambo Oguri anakana, nati ketulo yawo kunyumba imayankhulanso, imati madzi awira, ndipo sinanamepo. Mawuwo atsala.

3.6 Bambo Namekawa anati iwo sakunyoza malemu. Anati ali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu amene sadya Lamulungu mpaka Nejita atatha, ndipo ana ngati iyeyo akuyenera kumva Nejita akutsanzika ndi pakamwa pake. Anawonjezera kuti anatumidwa kunena izi: gawoli likapanda kukhala ndi mawu a Nejita, wailesi idzabwereza gawo lakale pa 22 Disembala, ndipo lomalizali silidzaoneka.

3.7 Mayi Horiuchi anafunsa ngati uku ndi kupempha kapena kuopseza. Bambo Namekawa anati iwo angotumidwa.

4. MAWU A MLEMBI

4.1 Bambo Oguri anati, "Mkamwini, mukungolemba? Chidindo n'chanu. Tayankhulani." Bambo Oguri akhala akuitana Mlembi kuti mkamwini kuyambira tsiku la ukwati, ponena kuti anakwatira mwana wawo, ngakhale mwanayo ndi mnyamata, komanso wachitsulo.

4.2 Mlembi anafotokoza kuti ngati kompyuta sipuma, mlandu si wa kampaniyo, ndi wake. Lamulo loyamba m'buku limene aliyense amapatsidwa akayamba ntchito pano limati Nejita sapuma. Ndiye mlungu uliwonse, ochita mawu akapita, ntchito ya Mlembi inali kudula paliponse pamene Mayi Fusae anakoka mpweya. Oonera sanamvepo ngakhale kamodzi. Kompyutayo inaphunzira zimene Mlembi anasiya. Zimene anadula sinazimve.

4.3 Mayi Horiuchi anafunsa kuti zodulidwazo zinkapita kuti. Mlembi anati sanatayepo. Za zaka zoyambirira, pamene tinkadula tepi ndi lumo, zili m'zitini zisanu ndi zitatu za mabisiketi ampunga, kalikonse kolembedwa tsiku ndi gawo. Zotsatira zili mu kompyuta ya situdiyo.

4.4 Bambo Oguri anati, "Amuna anzathu amafunsira ndi mphete. Uyu anafunsira ndi chitini cha zinyenyeswa za tepi, mkazi n'kulola. Musamuone kufatsaku." Komiti inaseka. Mlembi akutsimikiza kuti zinalidi choncho.

4.5 Mlembi anaika patebulo buku la mawu la malemu la gawo lomaliza, limene linapezeka m'chikwama chawo kuchipatala. Monga ochita mawu onse amachitira, Mayi Fusae anali atalemba kale ndi pensulo yofiira kamzere paliponse pamene adzapumire. Mizereyo ilipo 22.

4.6 Mlembi anabweza pepala la wailesi osadinda. Anati sakukwiyira Bambo Namekawa. Anati m'nkhani zambiri zimene wawerenga za anthu opangidwa ndi manja, wopangidwayo amavutika kufuna kukhala munthu, ndipo Mayi Fusae anathera moyo wawo kuthandiza mmodzi wa iwo. Sangalole kuti pomaliza iwowo ndiwo asandutsidwe makina.

5. GANIZO LA MAYI HORIUCHI

5.1 Mayi Horiuchi anatenga bukulo naliwerenga nthawi yaitali, mpaka Wapampando anatsokomola. Kenaka anapereka ganizo ili. Ojambula zithunzi atseke pakamwa pa Nejita m'malo onse 14, ndi ntchito ya masiku khumi. Nkhani ikhale yoti mawu a Nejita ndiwo ayamba kutha. Agogo aziyankhula mawu awo onse monga analembedwera. Pamene pali mzere wofiira, Mlembi aikepo mpweya wa Mayi Fusae wochokera m'zitini. Nejita atsanzike ndi kupuma.

5.2 Wapampando anatsutsa. Anati lamulo lija analilemba ndi malemu bambo awo, amene anayambitsa situdiyo, ndipo pa zaka 33 silinaphwanyidwepo.

Mayi Horiuchi anati, "Bwana, mwanayu tamuliza, tamupsetsa mtima, tamuchititsa nsanje ndi mphaka wa a neba. Chimene tamumana ndi mpweya wokha. Timumane mpaka kumanda?"

5.3 Bambo Namekawa anati mphindi zinayi zopanda mawu a Nejita, Lamulungu madzulo, anthu adzaganiza kuti kanema wawonongeka ndipo mafoni a wailesi adzalira mpaka mawa lake. Bambo Oguri anati alire, nawonso ali pa maliro.

5.4 Bambo Namekawa anatembenukira kwa Mlembi nati, "Ndikhululukireni, a Shibasaki, koma ndinene. N'zoona, ife sitinawapemphe mayi. Nanga inu munawapempha?"

5.5 Mlembi anati funsolo ndi loyenera, ndipo lilembedwe. Anatsegula tsamba lomaliza la bukulo. Mzere womaliza, umene uli Nejita asananene kuti "Agogo" kotsiriza, unazunguliridwa kawiri, ndipo pambali pake malemu analemba kuti: "Noboru, uwu usadule." Mlembi anati aka si koyamba. Pa zaka zonsezi Mayi Fusae analemba mawu omwewa m'mabuku asanu ndi anayi. Kasanu ndi kanayi konseko Mlembi anadula, chifukwa cha lamulo. Akafika kunyumba mayiwo ankangoti, "Wandidulanso, kalaliki iwe," n'kumuikira tiyi.

5.6 Msonkhano unaima mphindi khumi.

5.7 Utayambanso, Bambo Namekawa anapempha kumva mpweya umodzi. Mlembi anasankha wa mu 1996, wa gawo limene Nejita anapita kusukulu koyamba ndipo ana anamumata maginito kumsana. Unali wosakwana sekondi imodzi, wonjenjemera kumapeto. Bambo Oguri, asanauzidwe gawo lake, anayankha pomwepo ndi mawu a Agogo kuti, "Wakuputa ndani?" Anati sanafune kutero, pakamwa pangotseguka pokha.

Bambo Namekawa anati gawo limenelo analionera ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

6. CHIGAMULO

6.1 Wapampando anati bambo awo analemba lamulolo poopa kuti ana angaiwale kuti Nejita ndi loboti. Anati tsopano palibe mwana angaiwale, ndipo adzapita okha kumanda kukawafotokozera bambowo.

6.2 Ovomereza ganizo la Mayi Horiuchi: Wapampando, Mayi Horiuchi, Bambo Oguri, Mlembi. Wotsutsa: Bambo Namekawa, amene anapempha kuti zilembedwe kuti atsutsa m'dzina la wailesi.

6.3 Komiti inagwirizana izi:
(a) Mawu a kompyuta sadzagwiritsidwa ntchito mu gawoli, kapena mu china chilichonse chotchedwa Nejita.
(b) Wailesi ipemphe kampani ija kufufuta zimene inapanga, ndipo itilembere kuti yafufuta.
(c) Gawo lomaliza lidzaperekedwa ku wailesi monga komiti yagamulira, osasintha.

6.4 Bambo Namekawa anati akanena kwa mabwana awo, koma sakulonjeza kanthu. Wapampando anati, "Mukawauze kuti akabwereza gawo lakale, ife tidzapachika chinsalu pa khoma la malo oimika magalimoto panjapa n'kuonetsa lomalizali tokha, tsiku lomwelo, 6 koloko yomweyo. A m'masitolo a pa msewu uno atibwereka mipando. Kudzazizira, anthu adzabwere ndi mabulangete."

Bambo Oguri anati, "Ndipo mubwere naye mwana wanu uja. Akadya pambuyo pake."

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Mayi Horiuchi anafunsa za masilipasi a malemu, a nsalu yofewa osamveka poyenda, amene akadali pa shelefu ya pakhomo. Mlembi anapempha kuti akhale pomwepo mpaka ntchito ithe. Zinavomerezedwa.

7.2 Bambo Oguri anapempha kuti pa tsiku lojambula mpweyawo uzimveka m'chipinda, osati m'makutu mokha, ndiponso kuti pa maiki ya pakati, pamene malemu ankaima, pasaime munthu. Zinavomerezedwa.

7.3 Bambo Namekawa anafunsa ngati angabwere kudzamvera pa tsikulo, osati m'dzina la wailesi. Wapampando anati abwere ndi masilipasi awo.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

8.1 Bambo Namekawa anatchula Lolemba pa 16 Disembala. Mayi Horiuchi anawakumbutsa kuti limenelo ndi tsiku la 49, ndipo komiti yonse idzakhala kukachisi kukaika phulusa la malemu. Bambo Namekawa anapepesa. Msonkhano udzakhala Lachiwiri pa 17 Disembala, 2 koloko masana, m'chipinda chomwe chino.

9. KUTSEKA

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 4:25 madzulo.

Wapampando: Kuwabara Shigeru (chidindo)
Mlembi: Shibasaki Noboru (chidindo)

ZOWONJEZERA ZA MLEMBI, Lolemba pa 18 Novembala

Wailesi sinayankhe. Pepala lawo likadali losadinda. Ojambula ayamba kutseka pakamwa pa Nejita. Mlembi wapeza kale mpweya woyenera mizere 21. Watsala mzere umodzi, wozunguliridwa kawiri uja, ndipo pa tebulo lake pali tizidutswa tisanu ndi tinayi toti asankhepo kamodzi.