Anthu 47 m'boti la anthu 40

Lolemba, 3 Malichi
Boti la bwana wanga, mzee Zakayo, lanyamuka ndi anthu 47. Malire ndi 40. Pulogalamu yanga ya matikiti imayenera kukana wa 41, koma yangoti zii. Lafika bwino kudoko la Liuli, mwa chisomo basi. Mzee akalipa koopsa. Ine ndati pulogalamu ilibe vuto, mwina Faraja, kalaliki wathu, ndiye amadina molakwika. Ndanena pagulu.

Lachiwiri, 4 Malichi
Pa laputopu ndayesa kakhumi: wa 41, yakana. Pa foni ya padoko: wa 41, yalola. Mizere ya pulogalamu ndi yomweyomweyo, wolemba ndine. Ndiye chiyani? Mutu waima.

Lachinayi, 6 Malichi
Mzee amuchotsa ntchito Faraja. Podutsa, mwana kumsana, wangoti, "Achimwene, ine ndimadina pomwe munandionetsa."

Loweruka, 8 Malichi
Ndachotsa mzere umodzi wotchedwa kontrakiti. Ndi lonjezo lomwe umalemba m'pulogalamu. Langa limati okwera sadzapitirira 40. N'chinthu chatsopano m'chinenero chomwe ndimalembera, eni ake anachenjeza kuti n'choyeserera chabe, koma ine ndi phuma langali. Kuchotsa, foni ikukana wa 41. Kubwezera, ikulola. Mzere woletsa ndiwo ukuloleza? Sindikumvetsa.

Lamulungu, 9 Malichi
Ndafunsa pa intaneti. Mmodzi mwa eni chinenerocho wayankha kuti vuto ndi kompaila, chija chimasandutsa zolemba zanga kukhala pulogalamu ya pafoni. Ikaona lonjezo imangokhulupirira, n'kufufuta mzere wowerenga anthu, ati ngosafunika. "Pepani, tikudziwa kale, tikonza." Kale liti? Ndawerenga kanayi, ndatolapo theka. Chomwe ndamva bwino n'chimodzi: si Faraja.

Lachitatu, 12 Malichi
Pulogalamu ikuyenda. Mzee akuti, "Waona, kungochoka mtsikana uja zonse zalongosoka." Ndikaulula, ntchito yangayi apatsa mnyamata wa ku Songea amene wakhala akuifuna. Komanso kompaila ndiifotokoza bwanji kwa munthu wa maukonde? Ndangovomera kuti sawa. Ndachita manyazi tsiku lonse.

Lachisanu, 14 Malichi
Ndapita kwa Faraja, mawu nditakonza kale. Pachitseko loko. Aneba akuti anakwera basi ya ku Mbinga dzulo, ndi katundu yense. Foni yake sikupezeka.

Ndabwerera kudoko, ndawauza mzee zonse, lonjezo, kompaila, foni. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako afunsa kuti kompailayo amakhala kuti, amuitanitse. Ndati musavutike mzee, amene ananamizira Faraja ndine.

Mawa sindikudziwa ngati ndipite kuntchito.