Njinga ya abambo ako

Ku Raffingora, Zimbabwe, Lamulungu masana, titangotuluka m'tchalitchi

Mwana wanga Esitere,

Moni kwa iwe, amuna ako ndi zidzukulu zanga. Kuno kupulazi tilipo, bondo langa lokhali ndilo silimva mankhwala.

Abambo ako agula njinga, ija ankalumbira kuti kumudzi sadzabwerera alibe. Basi anayamba zoti fodya akatha apalasa mpaka ku Mtakataka, kudzera ku Tete. Ine ndinati, "Inu amene mumapuma kawiri popita kuchigayo, mukatsika bwanji mapiri a ku Golomoti? Yambani mwafika kudamu la mzungu, tione."

Dzulo anapitadi, ine ndikutsimphina pambuyo. Msewu wake ndi miyala yokhayokha. Pachitunda choyamba anatsika n'kumakankha. Potsetsereka tayala linaterereka, iwo uko, njinga uko. Ndinawapeza atakhala m'mbali mwa damu, chigongono chili magazi, maso ali pamadzi. Mawu owaseka ndinali nditakonza kale, koma anayamba ndi iwo. "Nabanda, kodi nyanja yathu ndidzaionanso ine?"

Aa, mwana wanga. Munthuyu wakalamba ine osaona. Pobwerera njinga ndinakankha ndine.

Tsono ndaganiza kuti tibwere pa lole, njingayo pamwamba. Amuna ako adzatichingamire kumsewu. Pamenepo abambo ako adzakwere, kamtunda kotsalako apalase okha, alowe m'mudzi anthu akuona.

Mulungu akusungeni nonse. Ndine amako.

Kalatayi ukawawerengerenso azakhali ako, koma ukafika pa zakugwazo udumphe.