Chithunzi cha Amayi pa Manda a Eni Ake

LACHIWIRI

07:12 Achemwali: iwe chimutu, chithunzi cha amayi chapabalaza chapita kuti? pakhoma patsala msomali wokha

07:13 Achemwali: chija anajambulitsa tsiku lomwe anatsegula shop yosokera. usandiuze kuti sukuchidziwa

09:40 Nyundo: morning sisi. ndinabwereka, ndibweza

09:41 Nyundo: and plz dzina ndi Nyundo tsopano, za chimutu zinatha kkk

09:41 Achemwali: unabwereka kwa ndani? ukupanga nacho chani

09:58 Nyundo: project. muona nokha, ndi zazikulu

09:59 Achemwali: amayi akuchifuna. akungoyang'ana msomaliwo ngati uwayankha

13:26 Achemwali: 📞 foni yosayankhidwa

13:27 Achemwali: 📞 foni yosayankhidwa

13:31 Achemwali: 🎤 0:54
Iwe, yankha foni. Ndili pa shop ya amayi pano, ndinabwera kudzadya nawo. Kwalowa kasitomala wawo wakale, mayi uja amasoketsa madiresi a ana ake amapasa. Atangowaona amayi ali pa makina wakuwa, wataya nsalu pansi, ulendo panja. Ndamutsatira, ndamupeza wagwira khoma. Akuti mwana wake anamuonetsa video ya nyimbo yako yatsopano, ndiye amabwera kudzandipepesa ine. Kundipepesa chani? Wapanga chani iwe?

13:44 Achemwali: ndaionera

13:44 Achemwali: ndaionera yonse mpaka kumapeto

13:45 Achemwali: wagwada pa manda. chithunzi cha amayi wachitsamiritsa pa mwala. pansi palembedwa RIP mama

13:45 Achemwali: amayi ali apa akusoka zipi ya buluku la munthu

13:52 Achemwali: chakudya ndachisiya

15:20 Nyundo: sisi relax kaye. ndi storytelling

15:21 Nyundo: ndi character, si ine ndi amayi enieni

15:21 Achemwali: character yo ili ndi nkhope ya amayi? ili ndi diresi lawo lobiriwira lija?

15:23 Nyundo: hip hop ndi pain sisi, inu simungamvetse. manager akuti palibe amene angamvere nyimbo ya mfana amene mayi ake amamusitira malaya

15:23 Nyundo: views 60k mu 2 days. sizinachitikepo

15:25 Achemwali: "mayi munandisiya, ndinatsala ndi street, bedi langa katoni, chakudya changa beat"

15:25 Achemwali: katoni? iwe?? unkagona pa matilesi atsopano ine ndikugona pa akale chfkw unkakodza pogona mpaka zaka teni

15:26 Achemwali: chakudya chako beat, kma mbale umasiya mu sink kuti amayi atsuke

15:30 Nyundo: zimenezo sizilowa mu verse kkk

15:30 Achemwali: usandisekere ine

15:31 Achemwali: manda amenewo ndi a ndani

15:40 Nyundo: sindikudziwa. director anangosankha ooneka bwino, dzina tinabisa ndi chithunzicho

15:40 Achemwali: asa

15:41 Achemwali: ndiye wanyoza awiri. amayi ako amoyo, ndi mayi wa eni ake amene wagona pamenepo

15:42 Achemwali: nanga misozi ija unaitenga kuti? iwe sunalire ngakhale pa maliro a bambo

15:55 Nyundo: mafuta a chimfine, umapaka pansi pa maso. ndi trick basi aliyense amapanga

15:55 Achemwali: mafuta aja ndinakugulira ku pharmacy kuntchito kwanga ukuti mphuno zatseka?

15:56 Achemwali: mxii

15:58 Nyundo: amayi aona?

15:58 Achemwali: ayi. ndawauza kuti mayi uja anaona mphemvu

LACHITATU

08:05 Achemwali: amalume aimba 6 koloko mmawa akulira, akuti bwanji sitinawauze kuti mlongo wawo wapita. munthu wa BP. anali atakwera kale basi

08:06 Achemwali: ndawatsitsa panjira ndi foni

08:06 Achemwali: ichotse video yo

11:17 Achemwali: ndikuona kuti ukuwerenga

12:49 Achemwali: ahedi a sukulu ija amayi amasokera mayunifolomu chaka ndi chaka apereka ntchitoyo kwa telala wina. akuti anamva za zovuta zathu ndiye sanafune kutivutitsa

12:50 Achemwali: zaka 9 amayi akuwasokera

14:33 Nyundo: eish sorry. ndikangopanga blow ndiwagulira makina amagetsi, sadzafunanso ma uniform

14:34 Nyundo: kuchotsa sizingatheke, ili ndi a label. 110k pano

14:36 Achemwali: 📷 chithunzi

14:36 Achemwali: werenga ma comment akowo. "mama is watching bro". "nanenso ndinataya mayi anga chaka chatha, nyimboyi yandiliza." mtsikana ameneyu mayi ake anamwaliradi. iwe ukumudyera misozi

14:50 Nyundo: ndiye kuti nyimboyo ikuthandiza anthu

14:50 Achemwali: ukununkha

14:51 Achemwali: akulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. iwe mwendo sunauyang'ane nkomwe, wangowakwirira athunthu

LACHINAYI

10:02 Nyundo: sisi quick one. jekete ya show ya lamulungu amayi afika nayo pati? yakuda ija ndinawapatsa design

10:03 Nyundo: muwauze asaikenso ka label ka dzina la shop pakhosi, ndimachita kudula

10:20 Achemwali: umadula?

10:21 Nyundo: anthu amaganiza ndi za kunja. image sisi

10:21 Achemwali: ndiye akufawo akusokere jekete

16:48 Achemwali: 🎤 1:37
Mvera bwinobwino, chifukwa sindibwereza. Kwabwera azimayi anayi a kwaya ya kutchalitchi chathu chakale, kuja tinkakhala tisanasamuke. Abwera ndi nkhope zachisoni, wina wanyamula shuga. Agogoda. Ukudziwa amene watsegula chitseko? Amayi, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Mmodzi wakhala pansi pakhonde pomwepo. Ine ndimafika kuchokera kuntchito ndapeza amayi akuwathirira tiyi, ndi shuga yemwe uja wa chipepeso chawo. Alendo atapita andiitana, akuti bweretsa foni yako ndione mmene ndinafera. Ndawapatsa. Ndikanatani? Aionera katatu. Katatu, osalira. Ine ndi amene ndimalira ngati chitsiru.

16:55 Nyundo: ati chani

16:55 Nyundo: sisi ati chani

17:03 Achemwali: akuti jekete wavala mu video yo yakukhala bwino kma mkono wakumanzere anautalikitsa pang'ono, akanadziwa kuti ukajambulitsa akanakonza

17:04 Achemwali: ndiye akuti chithunzi chawo munachisiya pa mvula, chayamba kufufuma pakona

17:04 Achemwali: basi. abwerera pa makina. akusoka jekete yako yakudayo

17:19 Nyundo: eish

17:20 Nyundo: ndibwera ndidzalankhule nawo. kma ndidzalowera kuseri, pali ma fans ena amakhala mu line mwanumo

17:20 Achemwali: ulowere kuseri kwa nyumba ya kwanu kuopa kuti anthu angaone kuti uli ndi mayi

17:21 Achemwali: usabwere

LACHISANU

09:14 Achemwali: ndamva mawa uli pa radio 3 koloko, program ya hip hop ija

09:15 Achemwali: sindikupempha zambiri. ukanene mawu ochepa okha. amayi anga ali moyo. nyimboyo itsale, ma views ako atsale, sindikuwafuna

09:15 Achemwali: anthu asiye kuwathawa pa msewu

09:16 Achemwali: lero wogulitsa ulusi wawayang'ana kumapazi kuti aone ngati akuponda pansi

11:02 Nyundo: ok

11:02 Achemwali: ok chani

11:05 Nyundo: ndinena. ndikulonjeza. ndipeza way yoikira bwino

11:06 Achemwali: palibe way. ali moyo. mwana wa zaka zitatu atha kunena

11:08 Nyundo: ndanena kuti ndinena sisi. pa bambo anga

11:09 Achemwali: bambo asiye, amenewo anamwaliradi

11:30 Achemwali: ndawauza amayi. amwetulira koyamba chiyambire lachiwiri. akuti ndiwagulire mabatire a wailesi yaing'ono ija, magetsi angatichite chipongwe

LOWERUKA

14:41 Achemwali: amayi atseka shop msanga. asamba, avala diresi lobiriwira lija la pa chithunzi. aitana aneba awiri

14:42 Achemwali: wailesi aiika pa tebulo pakati ngati mlendo

14:58 Nyundo: 👍

15:07 Achemwali: takumva. amayi akuti mawu ako akufanana ndi a bambo

15:16 Achemwali: zokamba za beat ndi producer zakwana. nena

15:24 Achemwali: "ndinakulira movutika man". ee, unavutika kusankha nsapato zoti uvale. nena iwe

15:31 Achemwali: woulutsa wakufunsa yekha. "mayi anu akanakhala kuti akukumvani pano mukanawauza chani." nayo njira, wakutsegulira chitseko yekha

15:31 Achemwali: NENA

15:32 Achemwali: bwanji wakhala chete

15:33 Achemwali: "rest easy mama, ndikudziwa mukundiona kumwambako"

15:33 Achemwali: rest easy

15:34 Achemwali: ndipo mawu ukuchita kuwanjenjemeretsa. mafuta a chimfine wapaka ngakhale pa radio pomwe sakukuona?

15:35 Achemwali: aneba wina wafunsa kuti rest easy ndi chani. amayi amuyankha okha kuti akuti ndiuse mumtendere

15:36 Achemwali: azimitsa wailesi. achotsamo mabatire. aneba atuluka osatsanzika

15:36 Achemwali: ndikuchita manyazi kuti tinayamwa bere limodzi

16:12 Nyundo: sisi mverani kaye

16:12 Nyundo: manager anali mu studio momwemo akundiyang'ana. a sponsor a show amamvera. ndikananena pamenepo zonse zikanagwa, show ili mawa lomweli

16:13 Nyundo: and anthu amaimba foni akulira, ndikanawauza bwanji

16:14 Nyundo: show ikangodutsa ndipanga post. week yamawa. serious

16:29 Nyundo: sisi

16:47 Nyundo: jekete yo yatha? nditume munthu adzatenge

17:10 Achemwali: 🎤 1:52
Ndigwire apa? Chabwino. Chimutu, ndine mayi ako, ndabwereka foni ya mlongo wakoyu. Ndakumva pa wailesi mwanawe. Umalankhula bwino, sukuchitanso chibwibwi ngati kale. Jekete yako ndamaliza dzulo, mikono yonse ndayeza kawiri. Dzina la shop yanga sindinaike pakhosi, ndamva kuti limakuyabwa. Ndaipachika pabalaza, pa msomali uja panali chithunzi changa. Usatume munthu. Ukaifuna ubwere wekha masana, ulowere khomo la kutsogolo, upereke moni kwa aneba. Chithunzicho usabweze, chakhala kale pa manda, m'nyumba mwanga sichilowanso. Ine sindinakwiye. Ndimangoganiza kuti tsiku limenelo lidzafika ndithu, sindine mwala. Likadzafika usadzavutike ndi kulira, mwanawe. Unalira kale, ndakuona, ndipo anthu akuombera m'manja. Basi, ndimati ndikuuze zimenezo. Ndizimitse pati apa?

17:13 Nyundo: mama

17:13 Nyundo: 📞 foni yosayankhidwa

17:14 Nyundo: 📞 foni yosayankhidwa

17:15 Nyundo: sisi apatseni foni plz

17:16 Nyundo: 📞 foni yosayankhidwa

17:22 Nyundo: achemwali chonde. mphindi imodzi yokha

17:40 Achemwali: ndawauza kuti ukuimba

17:40 Nyundo: ati chani

17:41 Achemwali: akuti akufa sayankha foni

LAMULUNGU

12:05 Achemwali: jekete ikadali pa msomali. khomo la kutsogolo ndi lotsegula, amayi akhala pakhonde kuyambira 9 koloko

13:30 Achemwali: show yako ndi 4 koloko eti

15:52 Achemwali: 📷 chithunzi

15:52 Achemwali: ikadali pomwepo