Seva yapita ku koleji pa kabaza

Bambo a Clara,

Musathamangire kupolisi, seva, kompyuta yanu yosunga mafayilo ija, sinabedwe. Ndaitenga ndine.

Ndili mkati mochapa, Clara anaimba foni akulira. Akuti pulojekiti yake yomaliza ili mu seva yanuyi, ndipo aphunzitsi akuifuna isanakwane folo koloko. Magetsi atazima m'mawa, rauta, kabokosi ka intaneti kaja, inaipatsa seva nambala ina, ndiye mwana sakuipeza. Ndinakuimbirani kasanu, inu zii.

Ndinatsegula kabuku kanu kaja n'kutsatira zonse zoikira nambala yosasinthasintha. Kumapeto kwa nambalayo ndinalemba 47, zaka zanga, kuti ndisaiwale. Munandiuza liti kuti 47 ndi ya kamera ya m'khola la nkhuku? Panopa Clara akatsegula akungoona tambala wanu akumuyang'anitsitsa. Aphunzitsi angapereke digiri chifukwa cha tambala?

Sevayo ndaizula, ndaikulunga m'chitenje, ndikukamutulira ku koleji komweko pa kabaza. Pepani, chingwe chimodzi chaduka.

Mukafika musankhe woyenera 47 pakati pa nkhuku ndi mwana, winayo mum'patse nambala yake. Manambala onsewo mulembe pakhoma ndi makala, ndiziwaona.

Mathalauza anu ndatsukuluza awiri okha. Otsalawo ali m'beseni, manja muli nawo.

Mayi a Clara