Ndinawauza kuti adikire ndimalize tsamba

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 58, mphunzitsi wopuma. Ndili ndi kachizolowezi kochititsa manyazi. Ndimakonda mabuku a zachikondi a nthawi ya makedzana, aja a mafumu, ngolo za mahatchi ndi madiresi okhwekhwereza pansi. Alipo khumi ndi anayi otsatizana, koma nkhani yake ndi imodzimodzi. Mtsikana wosauka ndi bwana wamwano amadana mpaka chakumapeto, kenako ukwati. Ndimadziwiratu zonsezi, komabe ndikatsegula buku poto amapserera pamoto. Ndinkawakutira ndi pepala la khaki kuti aphunzitsi anzanga aziyesa ndi za mayeso.

Bambo a kunyumba ankandiseka. "Mayi, ndikuuzeni mathero? Akwatirana. Tsopano tipatseniko tiyi."

Chaka chatha anagonekedwa m'chipatala masabata asanu. Ine ndinkakhala pampando wapulasitiki pambali pa bedi, buku lili m'manja. Lachinayi lina masana anandiitana ndi mawu otsika, "Mayi." Ine osadzutsa ngakhale mutu. Ndinangoti, "Dikirani pang'ono, ndimalize tsamba ili." Aphungu, pomwe ndinkamaliza tsambalo, munthu anali atapita. Tsamba lakenso la zinthu zoti ndinkazidziwa kale!

Ana anga sakudziwa. Pamaliro mwana wanga wamkazi anauza anthu kuti amayi sanawasiye bambo ngakhale mphindi imodzi. Ine ndinangozyolika.

Choipitsitsa nchakuti sindinasiye. Ndimawerengabe, misozi ili chuchuchu, chifukwa m'mabukumo palibe amene amafa asanamalize mawu ake. Ndikatseka buku ndimadzida. Kodi ankafuna kundiuza chiyani? Ndatopa, Aphungu, mtima wanga watha. Ndiwawotche mabukuwa? Ndiwaululire ana?

M.G.K., m'tauni

Mayi M.G.K.,

Pepani kwambiri. Koma tiyeni tilankhule mosapsatira. Buku silinaphe amuna anu, anawatenga ndi matenda. Masabata asanu pampando wapulasitiki si masewera, ndipo mwana wanu sananame.

Zimene ankafuna kunena simudzazidziwa, ndipo ine sindikunamizani kuti ndikuzidziwa. Mwina ankafuna madzi, mwina kutsanzika. Bala limeneli mukhala nalo ndithu. Chimene ndikudziwa nchakuti ataitana anamva mawu a mkazi wawo pafupi, mukuwayankha monga munkawayankhira zaka zonse pakhomo. M'mawodi muja ambiri amaitana osayankhidwa ndi aliyense.

Mabuku musawotche. Mungowononga machesi, chisoni chikhala chilipo. Achotseni khakiyo, muwaike poyera pashelefu. Kukonda nkhani yodziwika mathero si mlandu. Chimene chikukudyani ndi chinsinsicho.

Choncho muitaneni mwana wanu wamkaziyo sabata yomwe ino. Mumuuze maso ndi maso, osati pafoni, monga mwandiuzira ine, osakometsa. Mutu umodzi susenza denga. Ngati tulo ndi chakudya zikukukanikani, kaonaneni ndi mlangizi kuchipatala, musachite kudikira kuti mugwe.

Chenjezo langa ndi ili. Musayembekezere kuti mwanayo akukumbatirani pompo. Malemuwo anali bambo ake, choncho mwanayo akhoza kukwiya, akhoza kulankhula mawu olasa. Zikatero musathawire kuchipinda kukatsegula buku. Khalani pomwepo, mumuyang'ane kumaso, mumumvere mpaka amalize.

Aphungu