Ngodya Yachinayi ya Nsalu Yoyera

Mwana wanga wamkazi,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndine ndemwe mayi ako, dzanja ndi lomwe layamba kunjenjemera. Adiresi yako ndachita kupempha kwa mlongo wako, ndipo anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu.

Kuno moyo ndi wa apo ndi apo. Ndisakubisire, ndili ndi chotupa m'mimba, ndipo adokotala andibweza kunyumba ndi mankhwala opha ululu basi. Makina anga osokera ndawafunditsa, mwendo sukuthanso kuponda.

Umandidziwa, sindifuna zinthu zachisawawa. Ndiye Lachiwiri ndinaitanitsa bambo mfumu kuti tikonze za maliro anga ndikadali ndi pakamwa. Anandidzoza mafuta a odwala, kenako anakhala pampando wa makasitomala uja ndi kope lawo. Nyimbo za pa Misa ndasankha ndekha. Ndanenetsa kuti mayi wa kwaya amene amayamba nyimbo pamwamba ngati waponda moto asadzayambitse, ndingadzadzuke m'bokosi. Bokosilo ndati likhale la matabwa wamba, lopanda zonyezimira.

Kenako tinafika pa nsalu yoyera imene amafunditsa bokosi pakhomo la tchalitchi. Nsaluyo ndinasoka ndine kalekale, ndi mtanda wake pakati. Anandikumbutsa kuti imaimira chovala cha ubatizo, ndipo anati zimakoma ana a malemu akaiyala okha, aliyense atagwira ngodya yake. Anandifunsa kuti ana ndili nawo angati.

Ndinati atatu. Pakamwa panangoyankha pokha, poti ndakhala ndikuyankha choncho zaka makumi awiri. Bambo mfumuwa ndi atsopano, sadziwa kanthu. Anangoti palibe vuto, ngodya yachinayi adzagwira akatekisiti.

Mayo ine! Ndinalira mpaka munthu wa Mulungu anaika kope pansi. Ndinawauza zonse.

Tsiku lija unabwerera kuchokera kwa masisitere ndi kasutikesi kako, itatsala miyezi iwiri kuti uchite malumbiro, unandiuza kuti wapemphera ndipo waona kuti si njira yako. Sindinakufunse n'komwe ngati wadya. Mutu wanga unali pa amayi anzanga a kutchalitchi, omwe anali atayamba kale kunditchula kuti make sisitere. Ndinakuuza kuti wandivula pagulu, ndipo kuti mwana wothawa Mulungu ine ndilibe. Unaima pakhomo nthawi yaitali kudikira kuti ndibweze mawu. Ine ndinangopitiriza kuponda makina.

Ku ukwati wako sindinabwere. Makalata ako ndinkawabweza osatsegula. Pa maliro a bambo ako unakhala kumbuyo ngati mlendo, ndinakuona, n'kuyang'ana kumbali. Ndinkati ndikuteteza ulemu wa Mulungu. Bodza lenileni, unali ulemu wanga. Ndinakuthamangitsa ndine, kolona ili m'khosi.

Ndinalakwa, mwana wanga, ndipo manyazi andigwira. Ndikhululukire.

Ndawapempha bambo mfumu kuti afufute atatu aja m'kope mwawo, alembe anayi. Koma sindikukukakamiza ayi. Ukakana palibe adzakunene, abale ako ndawauza kale kuti wolakwa ndine.

Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali, ndipo mlongo wako akuti kuntchito kwanu sangakulole kubwera kawiri. Ngati ndi kamodzi kokha, chonde usasungire maliro. Nsaluyo agwire akatekisiti, zilibe kanthu. Bwera panopa, makutu akadali kumva. Udzandikalipire mmene ungafunire, ulendo uno ndidzakhala chete ndi kumvetsera. Tsiku langa lotsiriza adokotala sanatchule, koma anesi andiuza kuti ngati ndili ndi mawu oti ndinene kwa munthu, ndisazengereze.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti apongozi awo akupepesa. Adzukulu anga ndamva kuti alipo awiri. Ngakhale utalephera kubwera, undilembereko mayina awo okha, kuti ndiziwatchula popemphera. Mpaka lero ndimangoti ana a mwana wanga.

Ambuye akusunge, Amayi Maria akufungatire iwe ndi banja lako.

Ndine,
Mayi ako, ngati ungandilolebe kudzitchula choncho.